Nyenyezi ndi Makatani mu Kanema wa Ukwati wa Solvej

Aphungu,

Musaope, kunyumba kuno kulibe ndewu ndipo palibe amene akufuna kusiya mnzake. Vuto langa ndi kanema wa ukwati, ndipo ndikayamba kulifotokoza anthu amaseka ndisanafike pakati. Mwina inu mundimvetsera mpaka kumapeto.

Mwezi wathawu tinakwatitsa Solvej, mwana yekhayo wa mlongo wanga Ejvind. Ukwati uli mawa, Ejvind anakwera makwerero kuti amangirire chipata cha nthambi za paini pakhomo pa mwana wake, monga timachitira. Mphepo ya kuno ku Lemvig mukuidziwa. Makwerero analowera kwawo, Ejvind kwake, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Zoti ukwati uimitsidwe anakana kwamtuwagalu, choncho unachitika iye ali gone m'chipatala. Panopa ali bwino, akuyendera ndodo, akusowetsa mtendere anamwino, ndipo Lamlungu likubwerali akutuluka. Tonse tikasonkhana kwake kukamwa khofi ndi kuonera kanemayo. Kwa ife ndi kanema chabe, koma kwa Ejvind ukwati wa mwana wake ndi womwewo, wina sadzauonanso.

Wojambula ndinali ineyo. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito ku positi ofesi, ukatswiri ndilibe, koma kamera ndili nayo ndipo dzanja langa silinjenjemera. Nditaika zonse pa kompyuta, ndinatsegula pulogalamu yokonzera makanema n'kupezamo zimene sindinkaziyembekezera. Kani pochoka pa chigawo china cha kanema kupita pa chinzake pali njira zambirimbiri zolumikizira. Chithunzi chimatha kutembenuka ngati tsamba la buku. Chimatha kuzungulira, kusweka, kuphulika n'kusanduka nyenyezi, kapena kunyamulidwa ndi nkhunda zoyera. Ndinazikonda zonse, Aphungu, ndipo ndinaona kuti n'kupanda ulemu kusiya ina kunja. Ndinaziikamo zonse, zina kawiri.

Lachitatu ndinaitana Solvej ndi mwamuna wake Asger kuti adzaone, pamodzi ndi mwamuna wanga Knud. M'kanemamo tisanatuluke n'komwe m'tchalitchi, Knud anadzuka kukafuna mankhwala a chizungulire amene amamwa tikamakwera sitima ya pamadzi. Akuti abusa ankazungulira kwambiri. Ndinamuyang'ana ndi diso lija amalidziwa, iye n'kukhala pansi.

Koma chimene chinagwetsa anthu pamipando ndi mtima. Mukudziwa mwambo uja wakuti mkwati akangotuluka m'chipinda cha phwando, amuna onse amathamangira kukapsompsona mkwatibwi patsaya. Ine pamene Asger ankadzuka kupita kuchimbudzi ndinadulapo, chifukwa ndani amafuna kuonera zimenezo? Ndiye kanema akuonetsa Asger akumwetulira pambali pa mkazi wake, kenako mtima wofiira ukutuluka pakati, ukukula, ukukula, ndipo m'kati mwakemo muli Solvej akupsompsonedwa ndi Troels. Troelsyo anali chibwenzi cha Solvej asanakumane ndi Asger. Anaitanidwa chifukwa onse amaimba kwaya imodzi, ndipo anafika woyamba chifukwa miyendo yake ndi yaitali.

Asger anaseka mpaka anatsamwa ndi keke. Atapezako mpweya anati, "Azakhali, ukwati wa Troels unali wabwino ndithu. Kodi ineyo anandiitana?"

Ndinaseka nawo, ngakhale pansi pa mtima zinandiwawa, poti mtimawo ndinausankha mosamala. Koma kanema atapitirira ndinaona kuti Solvej wasiya kuseka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Pa chakudya paja, woyendetsa mwambo anagogoda tambula n'kulengeza, mwachizolowezi, kuti woyamba kulankhula ndi bambo a mkwatibwi. Anakumbukira kuti Ejvind palibe mawu atatuluka kale. Chipinda chonse chinangoti zii. Mpando wa Ejvind unali pomwepo, wopanda munthu, ndipo aliyense ankadziwa kuti mawu akewo anawayeseza nyengo yonse yachisanu, moti ndi galu wake yemwe anali atawaloweza. Solvej anatambasula dzanja n'kugwira mpandowo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo kwa kanthawi ndithu palibe anakhudza foloko. Zonsezi ndinajambula. Koma pokonza ndinati ayi, mlongo wanga asaone zimenezi. Ndinaikapo makatani ofiira. Woyendetsa mwambo akangogwira tambula makatani akutseka, akatseguka anthu ali kale pa keke.

Solvej anandifunsa kuti paja papita kuti. Ndinamuuza kuti ndachotsapo kuti bambo ake mtima usawawawe. Iye anati, "Azakhali, ndiye Ababa adzaganiza kuti sitinawasowe."

Chichokereni tsikulo ndagwira njakata. Knud akuti ndichotse zokongoletsa zonse. Asger akuti mtima wa Troels usachoke, ndi mphatso yoposa zonse zimene analandira. Ine nyenyezi zanga ndimazikonda, ndipo mlongo wanga ndimamukonda koposa. Ndikufuna Lamlungu aseke, asalire. Ndisiye ziti, ndichotse ziti? Nanga makatani aja?

B.K., Lemvig

Mayi B.K.,

Poyamba ndikuthokozeni, chifukwa kalata yanu yandiseketsa mpaka anzanga muofesi muno abwera kudzafunsa. Mwamupezera Solvej mwamuna wabwino, kapena wadzipezera yekha. Mkwati amene amaseka zotere mumusunge bwino.

Tsopano ku ntchito. Pulogalamu yanu sinalakwe. Cholumikizira chilichonse chimalankhula, ndipo woonera amamva zimene chikunena. Mtima wofiira umanena kuti awiri ali m'katiwa akukondana. Munautuma kwa Troels, unakanena zomwezo. Choncho musanaike chilichonse dzifunseni kuti ndikufuna kunena chiyani pamenepa, ndipo mudzapeza kuti pa ukwati zonena zake ndi zochepa.

Nthawi zambiri mukungonena kuti tidakali pomwepa, tangotembenuza mutu. Pamenepo dulani basi, chithunzi chilowe m'malo mwa chinzake popanda mwambo uliwonse. Zimaoneka zaumphawi mukamakonza, koma ndi mmene maso athu amachitira tsiku lonse, ndipo palibe amamwa mankhwala chifukwa cha zimenezo. Pamene nthawi yadutsa kapena malo asintha, monga pochoka kutchalitchi kupita kuphwando, lolani chithunzi china chisungunukire mwa chinzake, mofulumira ndithu, osati mpaka abusa aoneke atakhala m'mbale ya supu. Kuzimiririka mpaka mdima kumanena kuti chinthu chatha, ndiye kusungireni malo amodzi kapena awiri okha.

Khutu nalo ligwire ntchito. Musadule nyimbo ya m'tchalitchi pakati pa mzere, ndipo musadule munthu mawu ali pakamwa. Ngati pulogalamuyo ikulola, siyani limba lipitirize kulira pang'ono chithunzi chitasintha kale, mudzaona zigawo ziwiri zikugwirana zokha. Malo abwino odulira ndi pamene chinthu chikuyenda, chitseko chikutsekeka, tambula ikukwezedwa, munthu akudzuka pampando.

Asger mumubwezeremo. Sindikunena kuti mumutsatire kumene ankapita, tingomuona akudzuka ndi kutuluka pakhomo. Mwambo wonse uja umakoma chifukwa mwini wake watuluka, ndipo tikaona msana wake, liwiro la Troels lidzakhala nthabwala yeniyeni. Bambo a mkwatibwi adzaseka pamenepo, ndikukutsimikizirani.

Mukamaliza, mukhazike Knud patsogolo. Ndi chida chabwino choyezera, ndipo muli nacho kale m'nyumba. Paliponse pamene wanena kuti waona cholumikizira, pamenepo chachuluka. Akamangokamba za chipewa cha apongozi ndi mavinidwe a anthu, ndiye kuti mwakhoza.

Nyenyezi zanu sindikulandani zonse. Sankhani imodzi imene mumaikonda kwambiri, muiike kumapeto kwenikweni pamene mayina akutuluka. Ndipo kanema woyambayo musamufufute. Musungeni padera, nkhunda, mtima ndi zonse, mudzaonetse pa Khirisimasi anthu atakhuta. Asger adzakudalitsani.

Za makatani ndilankhula mosapsatira, poti mwandifunsa. Zokongoletsa zina zija munaziika chifukwa cha chimwemwe, koma makataniwo munawaika chifukwa cha mantha. Ndikumvetsa, ndi mlongo wanu. Komatu Ejvind akudziwa kale kuti pa ukwatiwo panalibe, chiuno chimamukumbutsa m'mawa uliwonse. Chimene sakudziwa n'chakuti chipinda chodzaza anthu anjala chinasiya kudya chifukwa cha iye, ndi kuti mwana wake anagwira mpando wake. Mwa zonse zimene munajambula, chimenecho ndiye chakechake. Solvej wanena zoona, mverani mwanayo.

Bwezeranimo chigawo chonsecho. Musachifupikitse, musachiikire nyimbo. Chete ujayo atalike mmene anatalikira tsikulo, ngakhale zala zanu zikuyabwa. Pamene Solvej wagwira mpando, chithunzi chizimiririke pang'onopang'ono mpaka mdima, ndipo pamenepo imitsani kanemayo. Mawu amene munthu anayeseza nyengo yonse yachisanu sanapite kulikonse, akadali m'mutu mwake, ndipo mwana wake ndi mkamwini wake adzakhala ali pabalaza pomwepo. Woyendetsa mwambo anamuitana kale Ejvind, kwatsala n'kuti ayankhe ndi mawu akewo. Akamaliza, pitirizani kanema, anthu akadye keke.

Mwanena kuti mukufuna aseke, asalire. Adzachita zonse ziwiri, ndipo si inu wosankha. Bambo amene sanalire pa ukwati wa mwana wake wamkazi amakhala kuti wamanidwa kanthu.

Chenjezo langa ndi ili. Musamudzidzimutse. Munthu wongotuluka m'chipatala sakokeredwa pamaso pa anthu asakudziwa. Loweruka muimbireni foni, mumuuze kuti pali malo amene mwamusiyira, ndipo akafuna adzalankhule, akapanda kufuna kanema adzangopitirira popanda wofunsa. Akavomera, mulekeni adzuke yekha ndi ndodo yake, ngakhale zimutengere nthawi. Kamera tsiku limenelo mupatseni Knud. Inu mukhale pansi, mumvetsere mlongo wanu.

Aphungu