Shati ya Intavyu Yapsa Kumsana

Ba Lastone,

Pepani, osakalipa. Shati yanu yoyera ya ku intavyu nayiwotcha. Ninauka m'mawa kuti niisite, koma sininafune kukuutsani kuti muziniimbira nyimbo zonichotsa tulo monga masiku onse, chifukwa lero ni tsiku lanu. Matenda anga aja a tulo ananigwira nili chiimire, nsimbi ili pa shati. Chinaniutsa ni fungo. Ine sininapse, osada nkhawa.

Nathamangira ku salaula pa maliketi, kogulitsa zovala zovalidwa kale, kukafuna ina. Nikachedwa, valani yomweyo, yapsa kumsana chabe. Muvale jekete pamwamba, ndipo osavula olo ku Lusaka kutenthe bwanji. Minibasi ya 8 koloko isakusiyeni. Chitsekereni fakitale mwakhala panyumba miyezi isanu, nchito iyi isatiphonye chifukwa cha ine.

Amayi anu osawauza, azayambanso zija zakuti matenda anga ni ziwanda.

Kuyambira mawa nizakuutsani ndithu, mukhale pampando muziniimbira nikamasita. Mumaimba moipa, amuna anga, mpaka nkhuku zimathawa. Koma mapilisi a ku kiliniki analephera kunichotsa tulo, pamene inu simunalepherepo.

Mukapambane.

Wanu wogonagona,
Rabecca