Mbale ya Kuseri kwa Zitini za Penti

Lolemba, 12 Januwale 2009

Kutentha kosaneneka. Ndimafunafuna chokupizira mphepo m'shedi, ndapeza mbale ya galamafoni ija, kuseri kwa zitini za penti. Pachikuto malemba a malemu Tibor: "Adelaide, 1957." Iye vayolini, Noreen chelo (vayolini wamkulu), ine piyano. Mbale imodzi yokhayo imene tinajambula atatufe.

Utoto wakuda wayamba kusupuka m'mphepete ngati khungu la mbatata yootcha. Ndimati ndinaitaya kalekale. Bodza. Ndimadziwa pomwe inali.

Lachinayi, 15 Januwale

Ndapita nayo kwa Bambo Dunstan, osamutsa nyimbo za pa mbale zakale. Magolovesi oyera ngati dokotala. Akuti singano ikhoza kudutsapo kamodzi kokha, mwinanso osafika kumapeto. "Mukufunadi kuimva, Mayi?" Ndati ayi, koma chitani.

Nkhani yake sindinawauze. Tsiku lomwe tinaimvera koyamba kwa Noreen, gawo lodekha la nyimboyo linkathamanga ngati tikuthawa mvula. Woyambitsa gawolo ndine. Tibor anakweza singano n'kunena kuti, "Wilma, vuto lako sudikira anzako." A kampani ya mbale anatikana. Pofika Isitala gulu linali litatha.

Zaka 52 ndikuphunzitsa piyano, kachipangizo kogogoda nthawi kali pamwamba pake, go, go, go. Pagulu sindinaimbenso.

Lachiwiri, 20 Januwale

Kwa Bambo Dunstan kuli zii. Tomato wafota yense. Theka la mtima likufuna mbaleyo inyenyeke ndithu, umboni uthe.

Lachisanu, 23 Januwale

Yatheka! Singano yafika kumapeto, utoto n'kumayoyoka m'mbuyo mwake.

Koma si zokhazo. Bambo Dunstan andikhazika pampando, andiveka zomvera m'makutu. Pansi pa nyimbo pali kakung'ung'uza ka magetsi a m'chipinda chomwe tinajambuliramo. Akuti magetsi a dziko lino ali ndi liwu lawo limodzi, silisintha, koma pa mbale yathu lakwera. Ndiye kuti makina ojambulira ankazungulira mochedwa. Mbale yotere ukaiika pa galamafoni yabwinobwino, zonse zimathamanga.

Apotokola kabatani mpaka liwu la magetsi latsikira pamalo pake. Nyimbo nayo yakhala pansi. Phee. Dzanja langa lamanzere likuyenda ngati munthu wopanda kopita.

"Simunathamange, Mayi. Anathamanga ndi makina."

Ndalira ngati mwana, chimfine ndi chimfine. Kapepala kopukutira ndapatsidwa ndi munthu wovala magolovesi. Oimba atatu, makutu asanu ndi limodzi, palibe anazindikira kuti ngakhale mawu a zingwe anali atakwera. Tinkasaka wolakwa, basi.

Pobwerera ndagula ayisikilimu. Awiri.

Lamlungu, 25 Januwale

Kunyumba ya okalamba kwa Noreen, kawailesi ndi nyimbo yathu m'chikwama. Ndimaopa kuti sakumbukira. Wamvetsera maso ali chitsekere, zala zikuyenda pamkono ngati pa zingwe za chelo.

Itatha akuti, "Ikanso." Kachiwiri wandigwira bondo: "Tamvera apo. Tibor walowa msanga, mbuzi ameneyo!" Zoonadi, pang'ono chabe. Taseka mpaka namwino wasuzumira.

Kenako akuti, "Tinali bwino, eti?" Ndati eya, tinali bwino. "Nanga tinasiyiranji?" Wandipatsa bisiketi yake ya pa tiyi.

Lamlungu, 1 Febuluwale

Ndagona bwino sabata yonse. Ndimayesa ndikwiya, koma mkwiyo sukubwera. Tibor anamwalira osadziwa, ndi chokhacho chikundiwawa.

Kogogoda kaja ndakatsekera m'kabati, pamodzi ndi mbale zodyera za alendo. Buku la nyimbo ija ndalitsegula, mapepala achikasu, pensulo ya Tibor pamwamba: "Pang'onopang'ono!" Zala zauma, koma njira zikuidziwa.

Ndayamba gawo lodekha lija ndekha. Pofika pomwe vayolini amalowera, ndaima, manja m'mwamba.

Ndamudikira.