Faifi ndi Theka

Lolemba, 5 Ogasiti

Zotsatira zatuluka. Faifi ndi theka. Amafuna sikisi ndi theka.

Ndinazionera pachulu cha kudoko, pogwira netiweki. Ndinatseka foni, kutsegulanso, ngati nambala isintha. Malo a digiri ya masitazi ya za usodzi andisungira kunja mpaka kumapeto kwa Okotobala, koma popanda kukhoza mayeso a Chingereziwa palibe ulendo. Mtima kuwawa.

Ndinapeza amayi akutembenuza matemba pathandala. Anandifunsa ngati zatuluka, ine n'kuyankha motsitsa kuti faifi ndi theka. Ndisanaonjezere mawu, nthungululu. Chitenje m'manja, kuvina pafumbi pomwepo. "Faifi! Mwana wanga wapitirira ndi a sikisi omwe!"

Ine ndinangobweza foni m'thumba.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndikudziwa komwe zachokera. Chaka chomwe ndinalemba Fomu Folo ndinapeza mapointi seventini. Amayi, osalowako m'kalasi chibadwire, ananyadira kuchuluka kwake, n'kupita kukauza anzawo kumatandala. Amake Fanuelo, omwe mwana wawo anapeza naini, anawaseka pagulu mpaka kugwira m'mimba. Ati pamayeso ochepa ndiye abwino, ndipo katswiri weniweni amapeza sikisi. Amayi anangotola dengu lawo n'kubwerako. Phunziro limenelo analisunga zaka zonsezi ngati ndalama ya pamfundo ya chitenje.

Ndiye dzulo amva faifi.

Mayeso awa amawerenga chokwera, naini ndiye pamwamba. Ndikanangonena pomwepo. Sindinanene. Nkhope ija sindinaione ikuwala choncho chimwalirire bambo.

Pofika masana mudzi wonse wa Kachulu wamva. Kondakitala wa minibasi ya ku Zomba akundiitana kuti a Faifi. Amake Fanuelo adutsa pakhomo kawiri, moni wa m'mphuno.

Lachisanu, 9 Ogasiti

A mjomba Idrisa, mlongo wawo wa amayi, afika paboti kuchokera kuchilumba cha Chisi ndi mbuzi. Yaikazi, yakuda, khutu limodzi long'ambika. Ya duwa, pemphero lothokoza, Loweruka la sabata ya mawa. A shehe auzidwa kale. Mpunga amayi akaupeza kwa mnzawo. Ine ndinagwada kuthokoza, manyazi ali tho.

Ndaimbira Sharon. Tinali chipinda chimodzi ku koleji, iye mayesowa anakhoza chaka chatha. Wandiuza ndimuwerengere chigawo chilichonse. Kuwerenga seveni. Kulemba sikisi. Kumvetsera faifi. Kuyankhula folo.

Anaseka mpaka kutsokomola. Ati Asiyatu amene ankatisowetsa tulo ndi nkhani uja, folo? Unakatani m'chipinda cha mayesomo?

Ndinakatani. Woyesa anali mzimayi wamkulu, imvi mbuu, magalasi pamphuno. Ndinakhala mwaulemu, manja pamiyendo, maso pansi. Atandifunsa za kwathu ndinati kuli pafupi ndi nyanja, n'kukhala chete kudikira funso lina. Ine amene za Chilwa ndingafotokoze mpaka munthu kuthawa! Koma pamaso pa wamkulu suchulutsa mawu, sumuyang'ana m'maso. Ndinaleredwa choncho. Ulemu wanga ndi umene wandigwetsa.

Sharon akuti mayeso ena aliko kumapeto kwa Seputembala, kulembetsa kutseka pa 23 mwezi uno. Zomwe ndinasunga kuchokera ku maganyu ophunzitsa sizikukwana. Chopereweracho, ndikamaona, ndi mtengo wa mbuzi.

Ili kuseri kwa nyumba, ikudya makoko.

Lolemba, 12 Ogasiti

Dongosolo la Sharon: m'mawa kumvetsera wailesi ya Chingerezi osabwereza, madzulo kusankha mutu n'kuyankhula osaima, ukuyang'ana munthu m'maso. Munthu wake uti kuno? Ndayamba ndi mbuzi. Imayang'anadi, sichita manyazi. Lero ndaifotokozera za chakudya chomwe ndimakonda, iyo ikutafuna chingwe.

Kuseka ndekha, kenaka misozi.

Ndayesa kuwauza amayi kawiri. Koyamba ankapeta mpunga akung'ung'udza nyimbo. Kachiwiri anandionetsa mpango watsopano wodzavala Loweruka, wobiriwira, akundifunsa ngati ukuwakhala. Ukuwakhala. Ndinangonena zimenezo.

Pakadafunda padajiwitsa, ndikudziwa. Mbuzi ikaphedwa, zonse zathera mumphika.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Amayi andipeza. Ndili pakati pouza mbuzi za ubwino wokhala kumudzi, ndinangomva kumbuyo, "Iwe, wakhoza kale. Ukuvutikiranji ndi chiweto?"

Ndinawakhazika pakhonde. Ndinafotokoza pang'onopang'ono kuti mayeso awa sali ngati a Fomu Folo, kuti faifi ndi theka ndi kulephera, kuti ndiyenera kulembanso. Maso anga pansi, monga mwa masiku onse.

Kenaka anafunsa, "Ndiye kumeneko amawerenga ngati matemba? Zambiri ndiye zabwino?"

Ndinati eya.

"Chinthu chimodzi chokha ndinkadziwa cha sukulu," anatero. Anadzuka, kukutumula chitenje, kupita kumatandala.

Bola akanandikalipira. Kulephera kuja sikunandipweteke ngati mawu amenewa.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Sitinayankhulane. Phala anandisiyira patebulo, lovindikira. Mpango wobiriwira sukuonekanso pachingwe.

Sindinawerenge. Mbuzi sindinaiyankhulitse.

Ndikuganiza za amake Fanuelo, mmene adzasekere ulendo uno. Amayi ndi amene amakhala kumatandala tsiku lonse, osati ine. Ine ndalephera mayeso, koma wokasenza manyazi pagulu ndi iwo.

Loweruka, 17 Ogasiti

Duwa kulibe. Podzuka ndapeza pachikhomo pali chingwe chokha. A mjomba apita nayo mbuzi kukagulitsa ku Songani m'mamawa, atumidwa ndi mlongo wawo. Pobwera anangondipatsa ndalama m'manja, n'kunena kuti ndisawafunse zambiri, iwo ndi wotumidwa chabe. A shehe akuti auzidwa kuti tsiku lasunthidwa.

Masana ndinatsikira kudoko ndikuyembekeza kusekedwa. Kondakitala uja anandithamangira. "A Faifi, tamva! Akuti azungu sakukhulupirira kuti mwana wa ku Kachulu angakhoze choncho, ndiye akuti mukalembenso akuona?"

Ntchito ya amayi imeneyi! Ndinasowa poyang'ana.

Madzulo ndinawauza amayi kuti bodza limeneli lidzatigwira. Ati bodza lake liti, kodi sukukalembanso? Kodi sadzakhala akukuona? Za kumatandala ndisiyire ine, iwe ako ndi mayeso. Amake Fanuelo akuti anangoti "Ooh," n'kupitiriza kuyanika nsomba zawo. Akudziwa amenewo, Fanuelo ali ndi foni. Koma mpaka pano sanatsegule pakamwa.

Ndaisowa mbuzi yanga.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Ndalembetsa dzulo ku Zomba. Tsiku ndi 28 Seputembala. M'thumba mwatsala ya minibasi yokha. Mantha alipo, sindinama. Ndikalepheranso ndiye basi, malo aja apita kwa wina.

Lero chakumadzulo ndinaima kuseri kwa nyumba, kuyankhula ndi chikhomo chopanda mbuzi. Amayi anatulukira atanyamula mpando wathu wa alendo. Anaukhazika patsogolo panga, kukhalapo, mpango wobiriwira kumutu, manja pachifuwa ngati a hedimasitala.

Ati Sharon wawafotokozera zonse pafoni ya a mjomba. Ati yamba.

Ndinayamba, maso pa zala za kumapazi kwawo.

"Yang'ana kuno."

Ndinawakumbutsa kuti anandiphunzitsa okha kuyang'ana pansi.

"Ndinakuphunzitsa ine, ndikukumasula ine. Yang'ana kuno."

Ndinakweza maso. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti diso lawo lamanzere lili ndi kadontho kofiirira. Mawu anayamba kutuluka okha. Za nyanja yathu yopanda mtsinje wotulukira, za chaka chomwe inauma anthu n'kumayenda pansi kupita ku Chisi, za bambo ndi bwato lawo. M'Chingerezi chonsecho iwo ankangotolamo Chilwa, Kachulu ndi matemba, koma ankagwedeza mutu ngati akumva zonse. Ndikati ndipume, chala m'mwamba: pitiriza.

Nditamaliza ndinafunsa mwanthabwala kuti ndapeza zingati.

Anaganiza kaye, akuwerenga zala, milomo ikuyenda, kuonetsetsa kuti ulendo uno akuwerengera mbali yoyenera.

"Sikisi," anatero. "Theka latsalalo ulipeza mawa. Ubwere ndi nkhani ina."

Mpando sanaubwezere m'nyumba.