Fupa la m'nyanja m'mwendo wa Zoe

Kadoma, 9 Juni 2024

Okondedwa malume Luciano,

Muli bwanji ku Beira kumeneko, pamodzi ndi amayi ndi ana? Shuga wanu uja watsikako? Ife kuno tilipo. Kuzizira kwayamba.

Mwezi wa Epulo mwana wanga Zoe anagwa pakhonde. Khondelo mukulidziwa, silifika ndi m'bondo momwe. Koma mwendo unathyoka. Kuchipatala atamujambula anapeza kuti fupa linali ndi mphako m'kati. Anatitumiza ku Harare.

Dokotala wakumeneko anati apale mphakoyo, aikemo zodzazira kuti fupa limerepo. Anandionetsa kabotolo ka timiyala toyera tamabowomabowo, nati ndi korali wa m'nyanja yamchere, wotsukidwa bwino. Ndinafunsa ngati ndi mwala kapena nyama. Anati ndi fupa la tizilombo tokhala pamodzi, kalikonse m'kachipinda kake, koma fupa ndi limodzi la tonse. Dzina lake la m'mabuku akuti koralamu. Ine ndinangoganiza za malaini a kukomboni ku Battlefields, khoma limodzi mabanja ambirimbiri. Ndinafunsa ngati mwana adzayenda. Anati adzayenda. Ndinasaina.

Mkazi wanga Rumbi anali atapita kukagula chakudya. Ndinamuuza atabwera. Anangotuluka kukaimbira amayi ake ku Chegutu.

Opaleshoni inayenda bwino, anamuika chikhakha, tinabwera kunyumba. Apongozi anafika ndi madzibaba, mneneri wa kumpingo kwawo. Iyeyu anati za m'nyanja ndi za njuzu, mizimu ya m'madzi ija, ndipo ine ndapereka mwana kwa eni madzi ndi dzanja langa. Anati tikachedwa mwanayu adzaitanidwa kumtsinje. Ndinawaonetsa chithunzi cha fupa. Apongozi anaseka, nati kodi mzimu unayamba liti kuoneka pa chithunzi, mkamwini wophunzira iwe.

Rumbi ankamusambitsa mwana, ankamudyetsa, koma akafika pabondo dzanja linkaima. Mgolo wa madzi anautulutsa m'nyumba. Sabata yatha anapita kwawo. Akuti abwera kumapeto kwa mwezi ndi alongo ake, amutenge Zoe apite naye kumasowe, kuthengo kumene amapempherera, akadule chikhakha, akapempherere chinthucho chituluke. Dokotala anati chikhakha chikachoka fupa lisanagwire, mwendo upindika.

Sindikukwiya naye. Nayenso akuopa. Ine ndimadzuka, ndimamusiya mwana kwa Mai Enelesi oyandikana nafe, ndimapita kujinale kukanyamula thonje, ndimabwerako. Chakudya ndimadya koma sindimva kukoma. Dzulo Zoe anandifunsa m'Chishona ngati m'mwendo mwake muli nsomba. Ndinati mulibe. Anati, «Ndiye amayi akuthawa chiyani?» Ndinamupatsa lalanje.

Malume, pa abale onse ndinu nokha amene munaiona nyanja yamchere. Ine sindinaione, Rumbi sanaione, madzibabayo ndikukayika. Munagwira ntchito kudoko mpaka imvi, ndipo palibe chinakuitanani.

Ndikupempha ziwiri. Ngati koraliyu amapezeka kugombe kapena kwa ogulitsa zigoba, mundipezere kachidutswa kongokwana m'manja, mupatse dalaivala wa thiraki wodutsa kuno. Ndikufuna Rumbi akagwire, akanunkhize, akagwetse pansi aone kuti kamasweka ngati china chilichonse. Chachiwiri, mumuimbire. Inu amakumverani, paja ndinu munatiimirira pa ukwati. Musamukalipire. Mungomuuza zimene mumaona madzi akaphwa.

Ngati inunso mukudziwa kuti chinthuchi ndi choipa, mundiuze ine ndekha poyamba. Chinalowa kale, ndipo ndinasaina ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi kwa msuweni wanga Juliet. Mulungu akusungeni. Chonde kachidutswako kafike mwezi usanathe.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Horace Chalo