Mzere Womwe Ndinazimitsa

Lolemba, 3 Malichi

Kwabwera mayi wofufuza makompyuta, wotumidwa ndi likulu. Magalasi pamphuno, kumwetulira kulibe. Lipoti lake lituluka Lachisanu. Bwana akuti amene dzina lake lipezekemo ayambiretu kulongedza. Ndaseka nawo. Mtima uli m'malo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Waupeza. Mzere umodzi m'pulogalamu yathu yotumiza mafayilo a antchito ku likulu. Mzerewo ndi wouza pulogalamu kuti izifunsa chiphaso kwa seva, kompyuta yaikulu ya likulu, koma ndi wozimitsidwa; aliyense wodzitcha likulu imangomupatsa mafayilo. Pamwamba pake mawu anga: "Mongoyembekezera. Ndikonza mawa." Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

Tsikulo ndikulikumbuka. Pulogalamu ikukana seva, foni ikulira, apongozi akukuwa: "Bambo, mwana sadikira kompyuta!" Ndinazimitsa mzerewo, liwiro. Mwana anabadwa ndikupumira m'mwamba pakhomo la chipatala. Tizala take ngati machesi. Lero amandiseka kuti ndimalemba ndi zala ziwiri.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndafotokozera bwana kuti zili ngati mlonda wotsegulira aliyense osaona chitupa. Mlonda wathu wamvera pawindo. Masana wandiimika pageti mphindi khumi, maso pachithunzi cha chitupa changa, maso pa ine. "Apa munali ndi tsitsi, achimwene."

Ndayatsanso mzere uja. Zonse zaima. Chiphaso cha seva ya likulu chinatha kalekale, wodziwa panalibe. Bwana: "Zimitsaninso, zinkayenda bwino musanakonze." Ndakana.

Kunyumba mayi a mwana sakutekeseka: "Akakuchotsani mupeza nthawi yokonza mpopi wa kubafa."

Lachisanu, 7 Malichi

Mayi wofufuza uja wandiitana kuti ndione lipoti asanalitumize. Dzina langa patsamba loyamba, zilembo zonenepa.

Watsegula tsamba la likulu pa laputopu yake. Chenjezo lofiira sikirini yonse: chiphaso chokayikitsa. Chala chake chadina popitirizira osawerenga n'komwe, ngati akuingitsa ntchentche. Chala chozolowera.

Ndakhosomola. Wandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Anati, "Mwaona chiyani, bambo?" Ndinati maso anga ndi okalamba. Anati, "Anganso. Dzina ili sindikuliona bwino." Wafufuta. Walemba kuti ofesi yonse iphunzitsidwe, ndi likulu lomwe.

Mphunzitsi wake akuti ndine.