Taiga ndi Ndowa ya Pamzikiti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tili bwino, ndipo bala la mayi layamba kupola.

Ndikudziwa mwamva mphekesera zoti galu wanu Taiga waphedwa. Mtima pansi, ali moyo, kungoti masiku ano ndikumugoneka m'nyumba.

Kalabu ya agalu ija tinaiyambitsadi, kuti tizibayitsa katemera wa chiwewe pamodzi komanso tiziphunzitsa agalu kuyenda pachingwe. Tsoka lake tinakumana Lachisanu masana pabwalo la kuseri kwa mzikiti. Taiga anadula chingwe n'kukamwa m'ndowa ya madzi amene anzathu achisilamu amasamba asanaswali. Paja kwa iwo malovu a galu amadetsa chiwiya, choncho madzi onse anatayidwa, anthu n'kuswali mochedwa.

Che Saidi, amene munkasodza nawo, anandiloza chala pagulu. Anati, "Aphunzitsi, ana akukanikani kusukulu ndiye mwayamba kuphunzitsa agalu? Ndikadzamuonanso galu ameneyu, adzadya tameki!"

Ndinapepesa, ndipo ndowayo ndinaitsuka ndi dothi monga anandilangizira a shehe, koma Che Saidi sandiyankha moni mpaka lero. Anzanga ena asiya kalabu atagendedwa pamsika chifukwa cha nkhaniyi. Otsalafe tasamukira kubwalo la sukulu.

Mukapeza woyenda, munditumizire chingwe cholimba. Koma chachikulu, tayesani kuwaimbira Che Saidi inu nomwe. Ine mawu anandithera, mwina mnzawo wa m'bwato angamumvere. Muimbe msanga, chifukwa Taiga sangakhale m'nyumba mpaka kalekale.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Limbani