Magalasi a Kumanja Anakana Chikasu

Wokondedwa m'bale wanga,

Uli bwanji iwe mkwatibwi? Nanga bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino. Chimfine chinandigwira sabata yatha, koma chitaona kuti ndilibe nthawi yocheza nacho chinachoka chokha.

Khala pansi uwerenge bwino: ku ukwati wako ndikubwera! Tchuthi andipatsa. Koma mmene ndachipezera ndi nkhani, ndipo uimva yonse, chifukwa ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa anthu.

Paja ndimagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo za galimoto. Kampani imene imatipatsa katundu inatumiza manambala a zipangizo zopangidwa molakwika, kuti tizichotse m'mashelefu tizibweze. Abwana atamva pempho langa anandiuza mosapita m'mbali kuti sindisuntha mpaka choipa chilichonse chitapezeka. Sindiwada, poti zina ndi za mabuleki, munthu akhoza kufa nazo. Koma katundu wathu ndi wochuluka, m'bale wanga. Ndikanati ndifananize nambala imodziimodzi ndi chala, ndikanafika kumeneko iwe uli ndi mwana kumbuyo.

Ndiye ndinakumbukira zimene anationetsa aphunzitsi a kalasi ya kompyuta imene ndimapita Loweruka. Pa tsamba la pa kompyuta lokhala ndi timabokosi, mu mzere wotsika woyamba ndinaikamo manambala a katundu wathu, mu wachiwiri manambala a ku kampani. Kenako ndinaipatsa kompyuta lamulo lakuti nambala iliyonse yathu imene ili ndi inzake mu mzere winawo, kabokosi kake kapakidwe chikasu. Ineyo ndimangoti ikusaka mapasa ngati ife. Nditangodina, timabokosi tachikasu tinangoti mbwee! Ndinanyamuka pa mpando ngati ndawina mpikisano.

Chimwemwe changa sichinakhalitse. Abwana anasuzumira n'kufunsa kuti magalasi oonera kumbuyo ali kuti, pakuti kampani inanenetsa kuti a kumanja onse amagwedera, ndipo ife tili nawo makatoni ambiri. Pa magalasi panalibe chikasu ngakhale kadontho. Anati ngati makinawo aphonya magalasi, adziwa bwanji kuti sanaphonye mabuleki? Anati ndiyambirenso ndi chala. M'maganizo ndinayamba kukuona iwe uli m'chovala choyera ine kulibe.

Nkhomaliro sinalowe. Ndinakhala ndikuyang'anitsitsa manambala a magalasiwo mpaka ndinaona chinthu: a ku kampani akuthera ndi R, athu onse akuthera ndi L. Tsiku lowerenga katundu, amene ankandiitanira manambala ali pamwamba pa makwerero ndi a Chipewa, bambo wina wa kwathu konko amene chipewa savula ngakhale kutenthe bwanji. Akafuula kuti galasi ili ndi la lefiti, ine n'kulemba L. Akafuula kuti ili ndi la laiti, kutanthauza kumanja m'Chingerezi chawocho, ine L yemweyo, mmene khutu lamvera. Ukulidziwa lilime lathu, L ndi R ndi ana a mimba imodzi. Kompyuta chibale chimenecho sichidziwa.

Ndinaitana a Chipewa, tinatsitsa makatoni onse, n'kuwerenga ndi maso zolembedwa pa lililonse. Ndikangosintha chilembo, kabokosi n'kusanduka chikasu pomwepo. A Chipewa ankavina pang'ono pa kabokosi kalikonse, uku akunena kuti wolakwa ndi khutu langa, ine ndikuti ndi pakamwa pawo. Mlandu umenewo mpaka lero sunagamulidwe.

Abwana anatenga makatoni angapo a mabuleki kuti ayese okha, ndipo onse anagwirizana ndi chikasu changa. Titawafotokozera za laiti anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anasaina tchuthi changa. Tsopano m'sitolo muno timangoti kumanja ndi kumanzere. Ngakhale abwanawo, amene chinenero chathu sachimva, mawu awiriwo awaloweza. Ndasangalala kwambiri, m'bale wanga, sindikubisira.

Pempho langa ndi limodzi. Nthawi yoti telala adzandiyeze ine palibe, ndiye akuyeze iweyo diresi langa loperekezera, poti ndife mapasa. Koma umuuze awonjezere pang'ono m'chiuno. Tauni yandikonda, ndipo kompyuta ikanatiika m'mizere iwiri lero, sikanatipaka chikasu.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze asanyamule zolemera, ndikubwera kudzawathandiza. Moni kwa abambo, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa mlongo wathu amene foni amangoimba akasowa chochita. Alamu anga uwapatse moni wapadera, ndipo uwachenjezeretu kuti pa tsikulo tikadzaima awiriwiri adzayang'anitsitse. Mkazi wawo ndi wa kumanja. Chonde uthenga umenewo uwauze m'chinenero chathu, usayerekeze Chingerezi.

Ndine amene unanditsogolera pobadwa,
Kanyerere